Mkangala wa aNandau

Pa Misangu panamveka mphekesera chilimwe chathachi yoti aphunzitsi Kanyoza, munthu womanga tayi ngakhale pa dzuwa la Okutobala, ankayenda ndi malemu aNandau, mkazi wa a Zakeyu atelala. Ine nditangoimva ndinaseka mpaka kutaya thobwa la kasitomala. Kenako ndinakhala pansi n'kuiganizira bwino, ndipo kusekako kunachepa. Aphunzitsi mkazi wawo anamwalira kalekale, aNandau anali ndi kampata kokongola pamano, komanso anthu ofatsa kwambiri ine ndimawaopa. Ena amati mphekeserayo ndinaiyambitsa ndine. Bodza limenelo. Ine ndinangoithandiza kuwoloka msewu.

Kuti mumve bwino, ndiyambe ndi nyumbayo. Aphunzitsi atapuma ntchito anatenga sitolo yakale ya amwenye, ija ya khonde lalitali kuseri kwa msika, n'kuisandutsa mosungira zoimbira zamakolo. Iwo amati myuziyamu. Ife timangoti kwa Kanyoza. Muli bangwe, kaligo, sansi, ulimba wa zikho zolendewera kunsi, ndi ng'oma zazitali kuposa mwana wa sitandade wani. M'chilimwe, misewu ikauma, alendo amakhamukirako: ana asukulu pa lole, amayi a kwaya, azungu a zipewa zazikulu atafiira ngati matimati. Aphunzitsi amawayendetsa m'katimo ndi kandodo kolozera, ndipo Loweruka madzulo kumakhala zoimbaimba panja, pansi pa msangu, mtengo wamakani uja umene umavala masamba anzake onse akavula. Ine malo anga ndi pa geti, ndi ndowa yanga ya thobwa. Pa geti ndi pabwino, anzanga. Wolowa amakuuza chimene wadzera, wotuluka amakuuza chimene waona.

Aphunzitsi ali ndi mwambo wawo umodzi. Amati choimbira chosalira ndi nkhuni chabe, ndiye chilichonse chimene aloza ndi kandodo amachitsitsa n'kuchiliza okha alendo akuona. Apa ndi pamene panagona vuto.

ANandau anatisiya mvula ili mkati, chifuwa chitawavuta kuyambira chaka chatsopano. M'nyengo yozizira, aphunzitsi atabwerako ku Joni kumene mwana wawo anakawakonzetsa maso, kunafika Felesiya, mwana wa malemuwo, atakulunga kanthu m'chitenje. Unali mkangala wa mayi ake. A Zakeyu ankauza aliyense wobwera kudzasoketsa kuti mwanayo wapereka katundu wa m'nyumba osawafunsa, ana a masiku ano alibe ulemu.

Achinyamata simuudziwa mkangala. Ndi bango lotalika ngati mkono, lopindika pang'ono, la nsambo imodzi. Mbali ina umaika pamilomo, uku ukukhwatcha ndi kachitsotso, ndipo nyimbo yeniyeni imalirira m'kamwa mwako. Woima patali amangomva nsambo, nding'i nding'i, ngati udzudzu wa ulemu. Kuti umve za m'katimo, khutu lako lifike pa tsaya la woimbayo. Kwathu kuno ndi cha akazi chimenechi, cha munthu wokwatiwa kutali akasowa kwawo. Ndiye tangoganizani, bambo wa ndevu zake, mkulu wa mpingo, kutsitsa bango limenelo pamsomali tsiku ndi tsiku n'kumaliika pakamwa pamaso pa ana asukulu.

Ndinawauza ine. Ndinati, "Aphunzitsi, pamene mwaika milomo yanupo panakhala milomo ya mkazi wa mwini zaka zonsezi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo atsopano n'kundiuza kuti anapukutapo ndi sipiriti. Ndinangoti chabwino, sipiriti ndi sipiriti.

Zinayamba pang'onopang'ono. M'mawa aphunzitsi akatsegula, ankapeza bangolo lili lonyowa kumene kumakhala milomo. Okutobala ameneyo, pamene nsalu yochapa imauma usanamalize kuyanika inzake. Ankalipachika moyang'ana zenera, koma ankalipeza litatembenukira kukhomo, ndipo kukhomo kumeneko ukaponya maso kutsidya kwa msewu umaona khonde limene a Zakeyu amasokerapo. Pansi pa msomaliwo pankapezeka njere za malambe, zopsipa kale, zoyera mbee. Aphunzitsi anati ndi makoswe. Ine sindinawatsutse, koma makoswe oika njere pamodzi mwaudongo chotero sindinawaonepo, ndipo pa Misangu ponse panalibe munthu wokonda malambe ngati aNandau. Ankayenda nawo m'kona ya chitenje ngati mankhwala.

Tsiku lina kunabwera amayi a kwaya ochokera ku chigwa. Atatuluka anazungulira ndowa yanga, ndipo mmodzi wa iwo, wonenepa bwino wa mawu a besi, anandifunsa kuti mayi wofunda chitenje kumutu uja amagwira ntchito pomwepa kodi. Anati anali kumbuyo kwawo ulendo wonse, phee, ndipo aphunzitsi atayamba kuliza bango lija iye ankangopukusa mutu ngati munthu woona mpongozi akuphika ndiwo molakwika. Nkhope sanaione. Aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye wamuona bwino. Ine pa geti sindinachoke, ndipo mayi wotero sanadutsepo, polowa kapena potuluka.

Atapita ndinatolera makapu. Onse anali ndi masese kunsi monga mwa nthawi zonse, kupatula imodzi imene inali pa kakhoma, yotsukatsuka, yovundikira. Makasitomala anga ndimawadziwa. Wotsuka kapu asanabweze analipo mmodzi yekha, ndipo ndinali nditamuimbira kale nyimbo kumanda.

Kenako aphunzitsi anayamba kung'ung'uza. Posesa, polozera ndi kandodo, ngakhale m'tchalitchi pa nthawi ya zolengeza, kanyimbo kamodzimodzi, koyenda motsimphina pang'ono, n'kukathera pamalo amodzi ngati njira yoduka pa mtsinje. Ndinawafunsa kuti ndi nyimbo yanji. Anati sakuidziwa, ndipo anadabwa kumva kuti akuimba. Anandiuzanso monong'ona kuti m'kamwa mwawo mukungowawasa, tiyi sakukoma, nyama sikukoma.

Tsoka linagwa tsiku limene anapita ndi buluku kwa a Zakeyu kuti akapinde miyendo. Ine ndinali pomwepo, ndikudikira zipi ya siketi yanga. Aphunzitsi ataima n'kumayang'ana msewu, kanyimbo kaja kanatuluka. Makina a atelala anaima. Ndikunena zoona, chiyambire sindinamvepo makina amenewo ataima pakati pa msoko.

"Nyimbo imeneyo munaimva kuti, aphunzitsi?"

"Iti, achimwene?"

"Imene ili m'kamwa mwanuyo."

Aphunzitsi anati sakudziwa. A Zakeyu anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anadula ulusi ndi mano n'kuwabwezera buluku mwendo umodzi wopinda, wina wosapinda. Zipi yanga sanaigwirenso. Aphunzitsi atachoka, atelala analankhula ngati akuuza makina, kuti nyimbo imeneyo mkazi wawo ankaiimba kuchipinda chokha, chitseko chotseka, ndipo munthu sangaitole pamsewu. Ine ndinangouza munthu mmodzi, mayi wogulitsa tomato, ndipo ndinamuuza kuti asauze wina.

Tsopano imvani chimene chinapweteka. Chaka chimenechi a Zakeyu anali atakonza zomangira mkazi wawo chiliza mvula isanagwe. Njerwa zinali zitafika kumanda, amisiri atakumba kale maziko, akwawo a aNandau ataviika chimera cha mwambowo. Mawa lake la tsiku la buluku lija, atelala anapita kukawauza amisiri kuti aweruke. Anati sangalembetse mawu oti wokondedwa pamwala asanadziwe kuti wokondedwa wa yani. Felesiya analira pa foni mpaka batire kutha. Alongo ake a malemu anabwera kudzakambirana, anabwerera asanakhale pampando. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo, ndipo aliyense ankadziwa kuti mvula ikagwa manda aja ali chomwecho, dzina la aNandau latsala m'matope mpaka kalekale. Mayi amene sanakanganepo ndi nkhuku yomwe.

A Zakeyu anayamba kuonda. Tepi yoyezera ija inkalendewera m'khosi mwawo ngati yalemera. Aphunzitsi nawo akulu a mpingo anawaitana kuseri, ndipo atatuluka tayi inali itapotoka. Anatsitsa mkangala n'kuutsekera m'kabati. Zinangoipiraipira. Masana dzuwa lili paliwombo, malata akulira ndi kutentha, bangwe ndi kaligo zinkayamba kulira zokha chapansipansi, ngati njuchi zili m'khoma. Mzungu wina anatulutsa foni kuti ajambule, koma poimvetsera munalibe kanthu, munali mawu a aphunzitsi okha akupepesa. Ana a sukulu ina anakana kulowa, anangoima pakhonde atagwirana malaya.

Ine zinandipeza pa njira ya kwathu. Kunali chisisira, ndowa yopanda kanthu ili pamutu, ndikudutsa pa mlatho waung'ono uja. Kumbuyo kwanga ndinamva mapatapata, limodzi likukhwekhwereza pang'ono. Ndikafulumira ankafulumira, ndikachepetsa ankachepetsa. Kenako ndinamva kaphokoso ka munthu wopsipa kanthu, ndipo mawu a mayi, otsika, aulemu, anafunsa pafupi ndi phewa langa.

"Atelala adya?"

Munthu wosenza ndowa sacheuka msanga. Pakamwa panga panayankha pokha kuti sindikudziwa, amayi. Mmene ndinkamaliza kutembenuka, panjira panali fumbi lokha likutera pang'onopang'ono. Sindinathamange. Koma ndikuuzeni chodabwitsa, mantha anga anasakanikirana ndi chisoni. Munthu wamunenera zoipa tauni yonse, mwamuna wake wamukaniza chiliza, iye funso lake n'loti kodi adya. Mawa lake ndinawapititsira a Zakeyu mbatata yootcha ndi thobwa, ndipo ndinaima pomwepo mpaka anamaliza. Sindinawauze wandituma.

Loweruka lotsekera zoimbaimba za chilimwe litayandikira, aphunzitsi analengeza kuti adzaliza mkangala pa maikolofoni, pamaso pa anthu onse. Kwa anthu ankati akufuna kuonetsa kuti alibe chobisa. Kwa ine anaulula kuti chiutsekereni m'kabati sakupuma, akumadzidzimuka milomo ikuyenda yokha, ndipo akuona ngati pali munthu amene akudikira kuti amalize zimene anayamba.

Anthu amene anabwera tsiku limenelo, anzanga, sanabwerepo chiyambire. Musaganize kuti anadzera ulimba. Ngakhale aja amati zamakolo ndi zachikunja anali kutsogolo ndi mipando yochoka nayo kunyumba. Thobwa linatha dzuwa lisanalowe. Kunali kotentha mothina, kopanda ndi kamphepo komwe, mitambo yakuda itaunjikana kumapiri. A Zakeyu anafika mochedwa atavala suti yosoka okha, sizasi yaikulu ikuonekera m'thumba la jekete. Ena anati aiwala kuisiya, ena anati sanaiwale. Anakhala kutsogolo penipeni. Mpando wa pambali pawo unali wopanda munthu, ndipo ngakhale anthu anali ataimirira mpaka kumsewu, palibe anaukhalira. Ndinafunsa mnzanga wa tomato chifukwa chake. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti iye amaona ngati pali munthu kale.

A ulimba anaimba, a ngoma anavina mpaka fumbi kukwera m'masamba a msangu, anthu n'kumaomba m'manja mwaulesi, maso ali kwina. Kenako aphunzitsi anatuluka ndi bango lija. Atangoliika pamilomo, jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Mababu onse thii. Kunatsala kuwala kofiirira kuja kwa dzuwa litangolowa. Wina anaseka kumbuyo, akuti basi zathera pomwepa, chifukwa popanda sipika mkangala sungamveke ngakhale pa mzere woyamba.

Koma unamveka. Sunachokere kutsogolo ayi. Unalira pafupi, ngati munthu wakugunditsa tsaya lake pa khutu lako. Ine ndinali kutali ku geti koma ndinaumva m'mano mwanga. Mwana amene ankalira kumsana kwa mayi ake anatonthola. Inali nyimbo ija yotsimphina, koma tsopano yodzaza, ili ndi timawu tating'ono tokwera ndi kutsika m'kati mwake, tokoma moti ndinakumbuka kwathu kumene ndinachoka ndili mtsikana.

Itafika paja imathera nthawi zonse, ndinaona aphunzitsi akufuna kutsitsa manja. Manja sanatsike. Nyimbo inawoloka n'kupitirira, koma mwapang'onopang'ono, ikuduka. Imayenda pang'ono, n'kuima. Ndipo poimapo pankamveka munthu akukoka mpweya movutikira, kenako kachifuwa kakang'ono, kouma, ka munthu wosafuna kusokoneza ena. Sikanali ka aphunzitsi. Milomo yawo inali pa bango, maso ali tong'o, misozi ikutsikira kunsi kwa magalasi. Ena amati kanachokera pa mpando uja. Ena amati kuseri kwa aphunzitsi, pamene mthunzi wa thunthu la msangu unaoneka wonenepa kuposa masiku onse. Ine sindinayang'anitsitse. Ndili ndi ana.

Nyimbo itatha kunali zii, moti tinamva galu akuuwa kutsidya kwa dambo. A Zakeyu anaimirira. Amuna awiri anasendera pafupi chifukwa cha sizasi ija.

"Aphunzitsi, ku Joni munapita liti?" anafunsa a Zakeyu.

"Khirisimasi isanafike, achimwene."

"Munabwerako?"

"Pasaka itadutsa. Maliro omwe ndinangowamva pa foni."

Atelala anayamba kuseka. Kuseka kwenikweni, kogwira m'mimba, uku misozi ili chuchuchu pa suti. Anatembenukira kwa anthu n'kufotokoza kuti mchira wa nyimbowo, wodukadukawo, mkazi wawo anaupeka ali gone pa mphasa, matenda atakula, m'chipinda chimene munkalowa iwo ndi Felesiya basi. Nthawi imeneyo aphunzitsi anali kunja kwa dziko, maso atamangidwa mabandeji.

"Ndiye si chibwenzi," anatero, akupukuta nkhope ndi tepi yoyezera. "Ndi iyeyo. Ndi mwini wake."

Ananena ngati munthu amene adokotala amuuza kuti chotupa chija n'chithupsa chabe. Anthu anayamba kunyamula mipando mwakachetechete, wina osayang'ana mnzake, ndipo pofika kumsewu ena anali akuthamanga. Pa Misangu ponse, munthu wosangalala kuti kwabwera mzimu anali mmodzi yekha. Alipo amakani amene anafunsa pambuyo pake kuti nanga mutu wa nyimbo uja aphunzitsi anautenga kuti. Ine ndinawayankha kuti wophunzitsa mchira ali kumanda sangalephere kuphunzitsa mutu. Lolemba m'mamawa amisiri anali atayambiranso, atelala ali pomwepo kuwapatsira njerwa, ndipo mvula yoyamba inapeza chiliza chitauma, mawu aja atalembedwa ndi zilembo zazikulu kuposa dzina.

Koma ndibwerere ku Loweruka lija, chifukwa zenizeni zinachitika anthu atabalalika. Makapu anga anali mbwee paliponse, ena ana anali atalowa nawo m'nyumba ya zoimbira, ndiye ndinalowa kukawatola. M'katimo munkayaka kandulo imodzi pa tebulo. Ndinaima kuseri kwa ng'oma yaitali ija, ndipo zimene ndinaona, mukanakhala inu mukanaseka kapena kulira, ine ndinachita zonse ziwiri chamumtima. Madoda awiri a imvi atakhala pa benchi imodzi, aphunzitsi bango lili pakamwa, a Zakeyu atatsamiritsa khutu pa tsaya la mnzawo, maso ali chitsinzire, ngati mwana pa chifuwa cha amake. Nthawi ino kwa ine kunkangofika nsambo yokha, nding'i nding'i. Za m'katimo zinali za munthu mmodzi.

Atamaliza, aphunzitsi anatsitsa bango, anameza malovu, n'kunena modabwa kuti kuwawasa kuja kwachoka. Analipereka kwa atelala ndi manja awiri. Kenako anafunsa, mofatsa ngati akufunsa mwana wa sukulu amene walakwa samu, kuti achimwene, zaka zonse tadziwanazi, munakhulupiriradi kuti ine ndingachite zimenezo?

A Zakeyu anasisita bangolo ndi chala chachikulu.

"Ngakhale tsiku limodzi," anatero. "Ndipo Felesiya ndamunamizira. Ndinamutuma ndine kuti abweretse kuno, sindinkatha kugona likundiyang'ana pakhoma. Ankandiitana, aphunzitsi. Matenda onse aja, tsiku ndi tsiku, ankati a Zake, bwerani pafupi mumve, ndawonjezera kumapeto. Ine ndinkati ndili ndi malaya a eni ake. Ndinkaima kuseri kwa chitseko n'kumamvera nsambo yokha. Ndinkaopa kuti ndikafika pa tsaya ndimva mmene mpweya ukuthera. Ndiye mutabwera inu pakhonde panga ndi nyimbo yeniyeni m'kamwa, ine mwini wake ndisanaimvepo, ndinaona bola ndikwiye naye kusiyana n'kudzikwiyira ndekha."

Aphunzitsi anangovula magalasi n'kumawapukuta ndi tayi.

Mawu amenewa a Zakeyu sanawauze abusa, sanawauze alamu awo, ngakhale Felesiya sanamuuze. Anauza aphunzitsi Kanyoza okha basi. Ine ndinali kuseri kwa ng'oma, ndikutola makapu.